Kasitomala akakhala kuseri kwa sikirini: mungagulitse bwanji osaonana maso ndi maso?

Wowerenga wina walemba kuti: "Ndakhala ndikugulitsa katundu wa kampani yathu ku makampani ena kwa zaka zambiri. Mphamvu zanga zinali pa kuyenda: kufika pa ofesi ya kasitomala, kucheza naye, kumvana. Tsopano abwana adula ndalama za maulendo, ndipo makasitomala ambiri akugwirira ntchito kunyumba. Misonkhano yonse ili pa Zoom ndi Teams. Anthu amazimitsa makamera, ine n'kumangoyankhula ndekha, ndipo ena amene tinkagwirizana kwambiri sakuyankhanso mauthenga msanga. Ndisinthe chiyani kuti ndisataye makasitomala akale komanso ndipeze atsopano?"

Zikomo chifukwa cha funso lanu. Ogulitsa malonda ambiri akamadandaula za nkhaniyi amaganiza kuti chimene ataya ndi kugwirana chanza ndi kuseka limodzi. Ine ndikuona kuti chachikulu chimene ulendo unkakupatsani ndi nkhani. Mukafika pa ofesi ya kasitomala, musanakhale n'komwe pansi munali mutadziwa kale zambiri. Wolandira alendo wakuuzani kuti bwana wamkulu wasintha. Podutsa m'khonde mwaona makatoni a kampani yopikisana nanu. Pokuperekezani pakhomo, kasitomala wakunong'onezani kuti bajeti ya chaka chino yadulidwa ndipo oda yotsatira ichepa. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinali pa mndandanda wa zokambirana. Zinkabwera zokha chifukwa munali pomwepo. Pa msonkhano wa pa intaneti sizibwera zokha: nthawi ikakwana, aliyense amadina batani n'kuzimiririka. Ndiye ntchito yanu yaikulu tsopano ndi kufunafuna mwadala zimene kale munkangozitola panjira.

Musadikire kuti zinthu zibwerere mwakale. Bungwe la World Health Organization litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, maofesi anatsekedwa m'mayiko ambiri ndipo malonda anasamukira pa vidiyo m'masabata ochepa. Kampani ya Zoom inanena kuti mu Disembala 2019 chiwerengero cha olowa m'misonkhano yake chinkafika 10 miliyoni pa tsiku, koma pofika Epulo 2020 chinali 300 miliyoni. Mliri unatha mphamvu, koma ogula anali atalawa kale ubwino wokambirana ndi ogulitsa atatu m'mawa umodzi osachoka pampando. Ambiri a iwo sakufunanso kutaya theka la tsiku kulandira mlendo pa nkhani imene ingathe m'mphindi 20. Choncho si abwana anu okha amene adula maulendo. Kasitomala nayenso wawadula, kungoti sanakuuzeni.

Ndiyambe ndi vuto limene simunalitchule, koma ndikukhulupirira kuti ndi limene lili pansi pa mauthenga osayankhidwawo. Kampani ikamagula chinthu chokwera mtengo, sagamula ndi munthu mmodzi. Kampani yofufuza za malonda ya Gartner inapeza kuti pa kugula kotere pamakhala anthu 6 mpaka 10 amene ali ndi mawu, ndiponso kuti ogulawo amathera pafupifupi 17 peresenti yokha ya nthawi yawo yonse yoganizira zogula akukumana ndi ogulitsa. Nthawi yotsalayo amakhala akufufuza okha ndi kukambirana okhaokha, inu kulibe. Kale munkakumana ndi ena mwa anthuwa mwangozi: wa za ndalama akudutsa, injiniya akubwera kudzafunsa kanthu. Lero mumaona nkhope imodzi yokha, ya amene wakutumizirani linki. Ndipo munthu ameneyo nayenso sadziwa zambiri monga kale. Kafukufuku wa antchito a Microsoft oposa 60,000, amene anasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya Nature Human Behaviour, anasonyeza kuti anthu atayamba kugwirira ntchito kunyumba, kulumikizana pakati pa madipatimenti kunachepa, aliyense n'kumangoyankhulana ndi a m'gulu lake. Mnzanu wa ku kampani ija akhoza kukukondani ndi mtima wonse, koma osadziwa kuti dipatimenti ina yayamba kale kukambirana ndi wopikisana nanu.

Tengani pepala, mulembe makasitomala anu akuluakulu khumi, ndipo pambali pa aliyense mulembe mayina a anthu amene mungawaimbire foni lero n'kukudziwani mawu. Pamene pali dzina limodzi lokha, pamenepo ndi pamene pali ngozi. Munthuyo akasiya ntchito kapena akasamutsidwa, ubale wonse wapita naye. Yesetsani kudziwana ndi anthu osachepera atatu pa kampani iliyonse: amene amagwiritsa ntchito katundu wanu tsiku ndi tsiku, amene amavomereza ndalama, ndi amene mumakambirana naye nthawi zonse. Musachite kumuzembera mnzanuyo, chifukwa akazindikira adzakhumudwa. Mupempheni iye mwini: "Kodi pa msonkhano wotsatira tingaitaneko amene amagwiritsa ntchito makinawa, kuti ndimve kwa iwo eni ngati pali chovuta?" Pa intaneti pempho limeneli n'losavuta kuvomera kusiyana ndi kale, poti munthuyo amangolowa mphindi khumi n'kutuluka. Apa ndi pamene vidiyo imaposa ulendo, ndipo ogulitsa ambiri saugwiritsa ntchito mwayi umenewu.

Tsopano za makamera ozimitsidwa. Musafulumire kuganiza kuti ndi mwano kapena kusowa chidwi. Wina netiweki yake ndi yofooka, wina akusunga data, wina ali m'chipinda chimene sakufuna kuti alendo achione, wina wangotopa. Jeremy Bailenson wa ku yunivesite ya Stanford analemba mu 2021 zifukwa zinayi zimene misonkhano ya pa vidiyo imatopetsera: kuyang'anizana ndi nkhope zambiri pafupi kwa nthawi yaitali, kumadziona wekha pa sikirini, kukhala malo amodzi osasuntha, ndi kuvutika kwa ubongo pomasulira zizindikiro za thupi zimene pamaso m'pamaso timazimva osaganiza n'komwe. Kasitomala wanu mwina walowa msonkhano wanu atatuluka mu ina inayi. Inu yatsani kamera yanu, makamaka poyamba, kuti akuoneni, koma iye musamuumirize. Ndimaona ogulitsa ena akunena mwanthabwala kuti "tiyatsireni kamera tikuoneniko," osadziwa kuti amuika munthu pamalo oti achite manyazi msonkhano usanayambe.

Chimene chingakuthandizeni kuposa kamera ndi kusiya kuyankhula nokha. Munthu amene wazimitsa kamera ndi maikolofoni, inu n'kumamuonetsa masilaidi 30, dziwani kuti akuyankha maimelo. Simungamuletse, koma mukhoza kupanga msonkhano umene sangathe kuchita zimenezo. Zimene angawerenge yekha mutumizireni dzulo lake, zachidule, tsamba limodzi kapena awiri. Msonkhanowo ukhale wa mafunso. Musadutse mphindi zitatu kapena zinayi musanafunse kanthu, ndipo funsolo likhale ndi mwini wake. Mukafunsa kuti "alipo ali ndi funso?" mudzalandira chete, chifukwa aliyense amadikira mnzake. Koma mukatchula munthu ndi dzina n'kufunsa kuti "kumbali yanu ya za ndalama, malipiro a miyezi itatu iliyonse angakuvuteni pati?" adzayankha, ndipo ena onse adzatchera khutu podziwa kuti nawonso akhoza kufunsidwa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene kamasokoneza kumvana, ndipo n'kofunika kukadziwa. Kafukufuku wa zinenero 10 amene anatsogoleredwa ndi Tanya Stivers mu 2009 anapeza kuti anthu akamacheza, mpata wa pakati pa funso ndi yankho umakhala waufupi kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Makutu athu anazolowera liwiro limenelo. Pa intaneti mawu amachedwa panjira, ndipo ofufuza a ku Germany anapeza mu 2014 kuti kuchedwa kwa sekondi 1.2 kokha kunachititsa anthu kumuona mnzawo ngati wosatchera khutu kapena wosachezeka, chonsecho vuto linali la makina. Zotsatira zake kwa wogulitsa n'zoti mukafunsa funso, pamakhala kachete kamene kamakuvutitsani mumtima, ndiye mumathamangira kukadzaza ndi mawu anu, mwinanso kutsitsa mtengo musanapemphedwe. Funsani, kenako khalani chete, muwerenge mumtima mpaka zisanu. Munthuyo akufunafuna batani la maikolofoni, kapena akuganiza. Mayankho amene ali ndi phindu amabwera pambuyo pa chete ameneyo.

Za zipangizo sindichedwapo. Mawu ndi ofunika kuposa chithunzi: anthu amapirira nkhope yosaoneka bwino, koma sapirira mawu odukaduka. Gulani mahedifoni abwino okhala ndi maikolofoni, khalani moyang'anizana ndi zenera osati kulifulatira, kwezani laputopu kuti kamera ifanane ndi maso anu, ndipo tsekani mawindo ena onse musanaonetse sikirini yanu, kuopa kuti kasitomala angaone kotesheni imene munapatsa mnzake. Gwiritsani ntchito pulogalamu imene kasitomala anazolowera, osati imene inu mumakonda. Ngati muli pa Zoom yaulere, kumbukirani kuti imadula msonkhano pa mphindi 40. Ndipo gwirizanani poyambirira kuti netiweki ikavuta, ndinu amene muimbe foni.

Macheza a m'khonde aja mukhoza kuwabwezeretsa pang'ono. Lowani msanga mphindi zisanu, chifukwa amene amafika koyamba nthawi zambiri amakhala womasuka kucheza. Konzani msonkhano wa mphindi 25 m'malo mwa 30, ndipo malizani zokambirana nthawi isanathe. Ena akatuluka, mupempheni mnzanu wamkulu uja kuti atsale pang'ono, kapena muimbireni foni patapita ola limodzi n'kumufunsa mosabisa: "Mwaona bwanji? Alipo amene sanakhutire koma sananene?" Zimene anthu sanganene pamaso pa abwana awo, makamaka msonkhano ukamajambulidwa, amazinena pa foni ya anthu awiri. Foni wamba musaipeputse. Ilibe kamera yotopetsa, munthu akhoza kuyankha akuyenda, ndipo makutu amamva kukayika m'mawu bwino kuposa momwe maso amakuonera pa kabokosi ka pa sikirini.

Komabe ndinene kuti ubale wa kutali sumangidwa kwenikweni pa msonkhano. Umamangidwa pakati pa msonkhano ndi msonkhano. Kale kasitomala ankakukhulupirirani chifukwa ankakuonani mukubwera, mvula kapena dzuwa. Lero umboni umene ali nawo ndi wa zimene munalonjeza ndi zimene mwachita. Tsiku lomwelo la msonkhano, mutumizireni uthenga waufupi wonena zimene mwagwirizana, amene achite chilichonse, ndi tsiku lake. Mukanena kuti kotesheni ifika Lachitatu, ifike Lachitatu, ndipo ikakhala kuti ichedwa, muuzeni Lachiwiri. Malonjezo ang'onoang'ono amenewa ndi amene akulowa m'malo mwa mapazi anu. Uthenga umenewu uli ndi ntchito inanso: mnzanuyo amautumiza kwa anthu 6 mpaka 10 aja amene simunawaone. Ulembeni moti munthu amene sanali pa msonkhano aumve popanda womufotokozera.

Musatuluke pa msonkhano popanda tsiku la kukumana kwina. Mawu akuti "tikudziwitsani" ndi osavuta kunena pa vidiyo, poti palibe woti umuyang'ane m'maso pomuperekeza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Oda imene sinasainidwe musaiwerengere m'lipoti lanu ngati ndalama.

Nanga aja amene asiya kuyankha? Choyamba, lekani mauthenga akuti "ndimangofuna kudziwa ngati munaona imelo yanga." Uthenga wotere umapempha nthawi ya munthu popanda kumupatsa kanthu, ndipo wachitatu ukafika amayamba kuchita manyazi kukuyankhani, manyaziwo n'kusanduka kukuzembani. Mukamalemba, bweretsani kanthu: kusintha kwa mitengo kumene kukubwera, njira imene kasitomala wina wathetsera vuto lofanana ndi lake (osatchula dzina popanda chilolezo), kapena chenjezo loti katundu wina atha posachedwa. Chachiwiri, zinthu zofunika musazipemphe pa imelo. Mahdi Roghanizad ndi Vanessa Bohns anachita kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2017, momwe anthu ankapempha anthu osawadziwa kuti ayankhe mafunso, ena pamaso, ena pa imelo. Pempho la pamaso linavomerezedwa kuwirikiza ka 34 kuposa la pa imelo, ndipo chodabwitsa n'choti olemba maimelowo ankadzidalira pafupifupi mofanana ndi opempha pamaso. Anthu ake anali osadziwana, choncho musatenge chiwerengerocho ngati lamulo la makasitomala anu, koma phunziro lake n'loona: imelo ndi yosavuta kuinyalanyaza kuposa momwe woilemba amaganizira. Imbani foni. Akayankha, musayambe ndi malonda. Nenani kuti mwaona kuti papita nthawi, ndipo mukufuna kudziwa ngati pali chimene chasintha kwa iwo kapena chimene kampani yanu sinachite bwino. Kasitomala wodandaula amakhala akadali wanu. Woopsa ndi amene wangokhala chete, chifukwa kutali kuno simudzaona nkhope yake itagwa.

WhatsApp ndi yabwino pa zinthu zachangu, koma ili ndi misampha iwiri. Woyamba ndi nthawi: poti foni ili m'thumba, mumayamba kulemberana usiku ndi kumapeto kwa sabata, ndipo mukazolowetsa kasitomala kuyankhidwa pakati pa usiku, tsiku limene mudzagone adzati mwamunyalanyaza. Mufunseni njira ndi nthawi imene amakonda, ndipo inunso nenani yanu. Ngati ali kudziko lina, lembani nthawi ya msonkhano m'maola a kwawo. Wachiwiri ndi woti mitengo ndi malonjezo zimabalalika m'mauthenga a mawu amene palibe angawapeze pakabuka mkangano. Chilichonse chokhudza ndalama, kuchuluka kwa katundu ndi masiku chitsimikizidwe pa imelo. Ndipo zimene mwamva kwa kasitomala zilembeni pamalo amodzi amene anzanu a pa ntchito angazione, kaya ndi pulogalamu yosungiramo mbiri ya makasitomala (CRM) monga Salesforce kapena HubSpot, kaya ndi tebulo wamba la Excel. Kale munkauzana nkhani zimenezi mu ofesi osadziwa kuti mukuuzana. Tsopano mukapanda kulemba, wa ku dipatimenti ya ngongole akhoza kutumiza kalata yoopseza kwa kasitomala amene inu mukumunyengerera kuti asaine kontrakiti yatsopano.

Musajambule msonkhano, kapena kulowetsa mapulogalamu a AI olemba zokambirana, musanapemphe chilolezo. M'mayiko ambiri pali malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga GDPR ya European Union imene inayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018. Koma ngakhale lamulo litalola, ganizirani kawiri: anthu akadziwa kuti akujambulidwa amayankhula zoyenera zokhazokha, pamene inu mukufuna zoona.

Kupeza makasitomala atsopano ndiko kovuta kwambiri, ndipo sindikunamizani kuti pali njira yachidule. Munthu amene sanakuoneni ali ndi chifukwa chokukayikirani. Kumayambiriro kwa 2024, apolisi a ku Hong Kong ananena za wantchito wa kampani ina amene anatumiza ndalama pafupifupi madola 25 miliyoni a ku America kwa akuba, atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu ooneka ndi kumveka ngati mabwana ake, chonsecho zinali nkhope zopangidwa ndi kompyuta. Ogula amamva nkhani zotere. Choncho njira yodalirika kuposa zonse ndi kudutsira mwa munthu amene akukudziwani kale. Pemphani makasitomala okhutira kuti akulumikizeni ndi anzawo, ndipo pemphani mwachindunji, potchula kampani kapena munthu amene mukufuna, osati kungoti "mukamva wofuna katundu mundiuze." Lembani kuchokera pa imelo ya kampani, osati yanuyanu. Tsamba lanu la LinkedIn, pamene anthu amaonetsa mbiri ya ntchito yawo pa intaneti, ligwirizane ndi zimene mukunena, chifukwa adzakufufuzani musanakumane. Perekani mayina a makasitomala amene avomera kufunsidwa za inu. Ngati mumagulitsa katundu wogwirika, tumizani sampulo msonkhano usanachitike kuti munthu aigwire m'manja mukamakambirana, kapena yendani ndi foni mosungira katundu mumuonetse zinthu zilipodi. Ndipo musayambe ndi kontrakiti yaikulu. Oda yaing'ono yoyesera imamupatsa mpata wokuonani mukusunga lonjezo asanaike ndalama zambiri. Muuzeninso kuyambira pachiyambi kuti nambala ya akaunti yanu ya kubanki sidzasinthidwa kudzera pa imelo, ndipo akalandira uthenga wotere akuimbireni pa nambala imene akuidziwa kale. Chinyengo cha ma invoisi abodza chawononga maubale ambiri amene analibe vuto lina lililonse.

Pomaliza, za maulendo. Sindikugwirizana ndi amene amati kuyenda kunatha ntchito. Pali nthawi zimene kuonana pamaso kumaposabe china chilichonse: pamene mukuyamba ndi kasitomala wamkulu, pamene kontrakiti yaikulu yatsala pang'ono kusainidwa kapena kutha, ndi pamene kampani yanu yalakwitsa kwambiri moti pakufunika kupepesa. Kupepesa kwa pa vidiyo n'kotsika mtengo, ndipo wolakwiridwayo amadziwa zimenezo. Komanso ndivomereze kuti abwana anu ali ndi mfundo: maulendo ambiri a ogulitsa anali ongozolowera, opita kwa makasitomala amene amatilandira bwino osati amene amabweretsa ndalama. Mukapita kwa abwanawo musakapemphe kuti bajeti yonse ibwerere. Tengani mndandanda wa makasitomala khumi uja, muonetse ndalama zimene aliyense amabweretsa pa chaka, mwezi umene kontrakiti yake ikutha, ndi pamene muli ndi dzina limodzi lokha. Pemphani maulendo ochepa opita kwa amenewo, ndipo pa ulendo uliwonse nenani anthu amene mukukakumana nawo ndi chimene mukufuna chikasainidwe.